Khutu Lakumanzere la Kwayamasitala

Germiston
10 Malichi 2024

Okondedwa amake Yamiko,

Landirani moni wanga. Ine kuno ndili bwino ndithu, kaya inu ndi mwana wathu, ndi apongozi anga mwendo uja? Mudabwa kuti foni ilipo koma ndikulemba kalata ngati agogo a nthawi ya Wenela. Nkhani yake ndi nyimbo. Mawu a nyimbo ya ukwati wa Yamiko ndamaliza, ali pa pepala linalo, ndipo a Nasir a pa Namadzi, aja onyamula katundu wa anthu a kuno, anyamuka Lachiwiri. Ndati pepalalo lisayende lokha. Chuni chake ndakujambulirani kale pa foni, mukawamvetsere a kwaya.

Paja ine mkamwini pa ukwati wa mwana ndilibe mawu. Zokambirana ndi a kwa Davie, mkwatiyo, ndi za amalume ake a Yamiko, alamu anga a Hillary, iwo ndiwo ankhoswe. Changa ndi chimodzi chokha. Yamiko anati, "Ababa, musandigulire kanthu. Mudzangoima kutsogolo kwa kwaya yanu n'kupereka kiyi." Ndinalonjeza, ndipo pa 19 Okutobala ndidzaima pamenepo ngakhale nditabwera wapansi.

Munafunsa za ntchito yatsopanoyi. Ndi pa fakitale yopaka nsalu utoto. Pali boila, chithanki chachitsulo chotalika ngati tchalitchi chathu cha pa Kadewere, chowiritsa madzi ndi malasha amiyala kuti pakhale nthunzi. M'mimba mwake mumadutsa mapaipi a utsi handiredi twente. Mwaye ukadzaza m'mapaipimo moto umangodya malasha, madzi osawira. Ndiye ine ndi mnzanga Salimu timatsegula chitseko chakutsogolo n'kumalowetsa mkondo m'paipi iliyonse. Mkondowo ndi chitsulo chachitali chobooka pakati, cholumikiza ku paipi ya labala yobweretsa nthunzi. Ukatsegula mpopi wake, abale inu, phokoso! Mwaye wonse umathawira ku chumuni.

Anatipatsa zotseka makutu, zonga zikho ziwiri. Lamulo n'lakuti paipi iliyonse uwerenge mpaka sate, kenako ina. Koma tsiku lina chikho chakumanzere chinasuntha, ndipo ndinamva chodabwitsa. Mapaipiwa amaimba, amake Yamiko! Yodzaza mwaye imalira besi yotsamwa, ndendende alamu anga akamatsika kiyi pa ndime yachiwiri (musawauze). Ikamayera mawu amakwera pang'onopang'ono, akafika pa tenala ndiye kuti yayera. Ina imayera pa teni, ina imafuna fote. Tsopano ndimasuntha dala chikho chimenecho n'kumamvetsera.

Ndamva za ng'amba, mtima wandipweteka ndi chimanga cha kumunda wa kumtunda. Nandolo yekhayo samalani, iye safa msanga. Mu envelopu muli ma randi eyiti handiredi.

Ine wanu,
Kalisto


Germiston
21 Epulo 2024

Amake Yamiko,

Moni, moni. Ndakondwa kumva kuti apongozi ayamba kufika kuchitsime okha. Ine ndili gwa.

Imvani izi. Kapitawo wathu waona kuti chiyambire ine kutsuka, malasha akutha pang'ono ndipo ntchito ya maola atatu ikutha m'maola awiri. Anabwera ndi tochi, n'kusuzumira m'mapaipi imodzi imodzi, onse mbee! Anandifunsa chinsinsi, ine ndinangoseka. Kale ankanditchula kuti "iwe Malawi", lero akuti Kalisto, ndipo andiwonjezera kangachepe pa sabata. Akuluakulu sananame, ukaipa dziwa nyimbo. Ndani ankadziwa kuti zaka twente za ukwayamasitala zidzandidyetsa ku Joni?

Salimu yekha ndiye sakondwa. Tsiku ndi tsiku, "Achimwene, tsekani khutulo." Ine ndimamuyankha kuti khutu langa linapirira a Hillary zaka twente, boila ndi chiyani. Chilipo n'chakuti ndikaweruka m'khutu lakumanzere mumalira kanyenje, kaja ka mu Okutobala. Poyamba kankaleka ndikafika kunyumba, masiku ano kamachezera mpaka Lamulungu. Si kanthu, ndi kutopa chabe.

Lachisanu lija munaimba foni, musaganize kuti ndinadula dala. Mawu anu ankamveka kutali, netiweki ya kuno ndi yovuta. Makalatawa ndawakonda, munthu umanena zonse mosathamanga.

A Nasir ndawapatsa mpukutu wa nsalu yobiriwira. Pa fakitale amatigulitsa motchipa nsalu zimene utoto wake sunagwire bwino m'mphepete. Telala adule mphepetezo, yotsalayo ikwana yunifomu ya kwaya yonse. Ndalama zimene zili mu envelopu mugule chimanga matumba awiri panopa, musadikire Ogasiti, mtengo udzakhala utapenga. Mbuzi yaikazi ija musagulitse, olo wina abwere ndi mawu okoma bwanji.

Loweruka lapitali sitinatuluke m'nyumba, m'misewu munali mapokoso. Zinazo tidzakamba pamaso.

Mundiuze mmene kwaya ikuyendera ndi nyimbo ija. A sopulano asathamange pa mzere wachitatu, apume kaye.

Wanu yemweyo,
Kalisto


Germiston
2 Juni 2024

Amake Yamiko,

Moni nonse. Kuno kwazizira, m'mawa madzi akuuma m'ndowa, koma ine ndili bwino.

Kalata yanu ndalandira. A Nasir ntchito yawo ndi kunyamula katundu, osati nkhani. Akuti anandiitana katatu pa depoti ine osatembenuka? Pa depoti paja pali phokoso la mabasi, ndipo ndinali nditavala chipewa cha ubweya. Munthu wamkulu ngati ameneyo kukaimika galimoto pakhomo panga n'kumauza mkazi wanga kuti mwamuna wanu wagontha! Ndikawaona tikambirana. Sindinagonthe ine, amake Yamiko, ndipo musamuuze mwana zinthu zopanda mutu.

Zimene munajambula pa pulakatisi ndamvetsera. Besi ndi tenala ali bwino, alito akuyesetsa. Koma a sopulano ali kuti? Sakumveka n'komwe. Atsikana asanu ndi atatu onsewo akuimbira m'mimba? Muwauze a Aubrey, poti ndiwo akugwirizira kwaya ine kulibe, kuti awakalipire atsegule pakamwa. Nyimbo imeneyi mutu wake uli kwa a sopulano, iwo akagona yonse yagona.

Nandolo akayamba maluwa muonetsetse mbuzi za eni. Za diresi munanena zija ndamva, mwezi wamawa.

Kalisto


Germiston
14 Julayi 2024

Bibiana mkazi wanga,

Ndakuitanani ndi dzina lanu lero chifukwa ndili ndi mawu olemera. Musadzidzimuke, ndili moyo, ndikuyenda, ndikudya. Ndikhulupirira inunso muli bwino.

A Nasir sananame. Wonama ndine.

Lachitatu la sabata yatha tinali pa boila monga mwa masiku onse, ine ndi mkondo, khutu lakumanzere lili pamtunda. Kumbuyo kwanga, cha kumanzere komweko, polumikizira paipi ya labala panayamba kutayikira nthunzi. Akuti pankalira mluzu woti anthu a ku ofesi anaumva. Salimu anakuwa, "Siyani! Thawani!" Anakuwa kanayi ali pafupi ngati pakhomo pathu ndi pa nkhokwe. Ine phee, ndikudikira tenala wanga. Mnzangayo anathamanga kukatseka mpopi waukulu, koma paipi inali itaphulika kale. Nthunzi inandiwaula katumba ka mwendo wakumanzere. Bala lake ndi ngati chikhatho, likupola. Salimu akanachedwa pang'ono, kalata iyi akanalemba wina.

Kapitawo anapeza chikho chili pamwamba pa khutu. Anakalipa mpaka malovu, anandisainitsa pepala la chenjezo, koma sanandichotse. Ananditumiza kwa namwino wa pa fakitale. Mayiyo anandilowetsa m'kachipinda kotsekeka, n'kundiveka zomvera, akuti ukamva kulira dina batani. Kumanja ndinadina pafupifupi konse. Kumanzere ndinadina poyamba, mawu ali okhuthala. Atayamba kukwera ndinangokhala, chala chili m'mwamba, ndikuona pagalasi mayiyo akulemba. Anandiuza mosabisa kuti mawu opyapyala khutu limeneli silidzawamvanso, zimenezo zapita. Lakumanja layamba kulumidwa pang'ono, koma ndikamatseka makutu onse zotsalazo zikhala.

Nditafika kunyumba ndinaika foni ku khutu lakumanja n'kumvetseranso pulakatisi ija. Atsikana aja alimo, Bibiana. Akuimba bwino zedi, akupuma pa mzere wachitatu monga ndinanenera. Ine ndinawakalipitsa kwa a Aubrey popanda mlandu. Ndinalira ngati mwana, sindikubisirani. Mukawapepesere, munene kuti kwayamasitala ndiye analakwa.

Wosamva adamva nkhwangwa ili m'mutu. Salimu anandichenjeza miyezi inayi, ine ndikumuseka. Ndikuopa, mkazi wanga. Si mwendo, si ntchito. Ndikuopa 19 Okutobala.

Za diresi ndatumiza. A Nasir ndawapepesa, ndinawagulira ndi tiyi.

Mwamuna wanu,
Kalisto


Germiston
18 Ogasiti 2024

Amake Yamiko,

Moni wanga ufike kwa nonse. Bala lapola, latsala chipsera choyera. Zikomo chifukwa cha mawu anu, ngakhale theka la kalatayo linali kundikalipira. Ndalandira, ndinayenera.

Ntchito ndinabwerera. Makutu onse ndimatseka, ndipo mkati ndimayamba ndaika tina ta siponji. Sabata yoyamba ndinali ngati munthu wolima mumdima. Ndinabwerera kowerenga sate, mapaipi ena n'kumatsala ndi mwaye, kapitawo n'kumandiyang'ana cham'mbali. Ndinati basi, ndabwerera pa "iwe Malawi".

Koma tsiku lina ndinatsamiritsa mkondo pa nthiti chifukwa mikono inatopa. Ha! Nyimbo ija ilipo, amake Yamiko, imadutsa m'chitsulo. Paipi yodzaza imagunda mkondo, imakankha, imanjenjemeretsa mpaka mano. Ikamayera kugundako kumachepa, kenako mkondo umangoti zii, kusalala. Ndi monga inu mumadziwira ndi manja pa munsi kuti chimanga chakonoka, osasuzumira mumtondo. Tsopano ntchito yabwerera pa maola awiri, makutu ali otseka. Salimu ndamuphunzitsa, iyenso wayamba kumva. Miyezi yonse ija ndinkawononga khutu chinthu chili m'manja mwanga, zimenezi ndikaziganiza ndimadziguguda pachifuwa.

Tsono za ukwati. Ndaganiza usana ndi usiku, ndipo ndatsimikiza. Kwaya si boila, sungaitsamiritse pa nthiti. A sopulano amaima kumanzere kwa kwayamasitala, ndi mmene tinapezera ndipo ndi mmene zilili kulikonse. Iwo ndiwo anyamula nyimboyi. Akasochera ine sindidzadziwa, ndidzangogwedeza manja ngati chowopsezera mbalame, pamaso pa a kwa Davie onse. Mwana wanga sindingamuchititse manyazi otero. A Aubrey adzaimitse kwaya. Ine ndidzakhala pa benchi, nyimbo ndi yanga ndithu, zikwanira.

Yamiko musamuuze panopa. Ndidzamuuza ndekha ndikafika.

Nandolo musagulitse kwa mavenda oyamba, sikelo zawo mukuzidziwa. Dikirani masabata awiri. Nkhuku za ukwati mukafunse ku Mikolongwe, a Nasir akuti kumeneko zikutsikirapo.

Ine,
Kalisto


Germiston
22 Sepitembala 2024

Amake Yamiko,

Moni. Ndili bwino, ndipo kalata yanu ndawerenga kasanu. Koma inu! Ndinati musamuuze mwana, inu mwamuuza tsiku lomwelo a Nasir asanalize n'komwe galimoto. Zaka twente foro ndili nanu, ndinayenera kudziwa.

Kapepala ka Yamiko kali m'thumba la ovololo, kada kale ndi mwaye. Akuti, "Ababa, ine sindinapemphe makutu awiri. Ndinapempha inu." Mwana ameneyu pakamwa anatengera kwanu.

Ndiye mukuti munapita pa pulakatisi, inu amene simunaimbepo kwaya chibadwire, n'kuwauza a Aubrey kuti asinthe anthu malo? A sopulano kumanja, a besi kumanzere? Ndinaseka ndekha m'chipinda mpaka Salimu anabwera kudzaona. Ine kwayamasitala wa zaka twente zimenezi sizinandifikire m'mutu. Ndinkangoti ndi mmene tinapezera, ngati kuti zinalembedwa m'Baibulo.

Alamu anga ndikuwamvetsa kuti akudandaula. Pa zenera lakumanja paja aimapo chiyambire, pamawomba kamphepo, ndipo amaonera bwino amene wachedwa Misa. Mukuti anati, "Ine nkhoswe wathunthu ndisamuke chifukwa cha khutu la mkamwini?" Koma mukuti Lachinayi lotsatira anapezeka ataima kale kumanzere anthu asanafike. Muwathokoze. Ndawagulira jekete, musawauze, ndi yakuda ya mabatani atatu.

Ndavomera, ndidzaima. Mantha sanathe, ndisaname. Khutu limodzi lokha, nalonso lolumidwa, m'tchalitchi modzaza anthu ndi nthungululu, kaya. Ndikuyeserera ndithu. Kuno kuli kakwaya ka Amalawi, Lamulungu ndimakaima chammbali n'kutembenuzira mutu uku ndi uku kuti ndizolowere. Amandiona ngati nkhuku yoyang'ana mphamba, koma ndilibe nazo.

Kapitawo wandipatsa masabata atatu. Boila ndamusiyira Salimu, makutu ake onse ali otseka, ndaonetsetsa. Tinyamuka ndi a Nasir pa 8, tikadutsa bwino pa Mwanza ndiye pa 11 masana ndili pa Namadzi. Mudzabwere nokha kudzandichingamira. Mukadzandiona musadzakuwe kuchokera kutali, anthu angadzaseke. Mudzangofika, n'kuima kumanja kwanga.

Wanu,
Kalisto


Germiston
3 Novembala 2024

Okondedwa amake Yamiko,

Ndinafika bwino Lachitatu, ulendo unali wabwino kupatula kuchedwa pa chipata. Moni kwa apongozi, moni kwa a Davie ndi akazi awo. Taonani, mwana wathu ndayamba kumutchula chonchi! Boila ndaipeza ili mbee, Salimu wagwira ntchito. Mvula ikagwa yokwanira mudzale, mbewu ija ili pamwamba pa kabati.

Pali funso limene munandifunsa katatu. Potuluka m'tchalitchi, ku madyerero, ndiponso pa Namadzi pondiperekeza. "Munamva?" Ine ndinkangoti eya, n'kuyamba nkhani ina. Sikunali kukubisirani. Ndikanayamba kufotokoza ndikanalira pagulu, jekete ndi tayi zili m'thupi. Pa pepala ndiye ndingathe.

Mukukumbuka m'mawa wa ukwati tili panjira, pa mtengo wa mango wa kusukulu, ndinakufunsani ngati inunso mukumva nyenje? Munati eya, zadzaza mtengo wonse. Mtima unakhala pansi pang'ono, ndinati lero sindili ndekha, Kadewere yense akumva zimene ndimamva ine. Koma nditaima kutsogolo kwa kwaya, yunifomu yobiriwira ili waa, ndinayang'ana Yamiko, iye n'kundigwedezera mutu. Ndinapereka kiyi, n'kukweza dzanja.

Atsikana aja analowa kumanja kwanga onse pamodzi, mawu oyera, ndipo ndinawamva mmodzi mmodzi. Pa mzere wachitatu anapuma. Ndinati zikomo Ambuye, zandikwanira, khutu limodzi ndi khutu ndithu. Lakumanzere ndinali nditaliika kale m'manda, sindinkayembekezako kanthu.

Tinalowa ndime yachiwiri. Ndipo kumanzere kuja, ku khutu lakufa lija, kunabwera chinthu. Mawu okhuthala, otsamwa, akutsetsereka pansi pa kiyi pang'onopang'ono ngati ngolo yopanda buleki. Alamu anga a Hillary! Jekete ya mabatani atatu, chifuwa patsogolo, maso kumwamba, akulakwitsa nyimbo yanga molimba mtima pamalo pomwe akhala akulakwitsira zaka twente. Namwino uja ananena zoona, opyapyala anapita, koma okhuthala alipo. Ndinawamva bwinobwino, Bibiana, ndi khutu lakumanzere.

Munaona ndinawalozera chala m'mwamba kuti akwere, iwo n'kundiyang'ana ndi diso lofiira. Anthu ankaganiza kuti misozi ija ndi ya mwana amene akupita. Inalipo ya mwana, sindikana. Koma yambiri inali ya alamu anga. Chibadwire sindinakondwerepo chonchija ndi munthu woimba molakwa.

Muwauze kuti Khirisimasi ya chaka chamawa ndikubwera ndi nyimbo ina, ndipo asabwerere pa zenera paja. Malo awo ndi kumanzere kwanga, kumene ndingawamve.

Ine mwamuna wanu,
Kalisto